Ulemu Uthere Pati Pamene Mwana Ali M'galimoto?

Amayi anzanga a Chigwirizano, pali funso limene ndifuna tilingalire pamodzi, ndipo ndi funso la ulemu. Tonsefe tinaleredwa kuti mkazi sadzudzula mwamuna wake pamaso pa ana, kuti mlendo sauza mwini nyumba zochita, ndi kuti munthu amene wakunyamula m'galimoto yake umamuthokoza, sumuphunzitsa kuyendetsa. Mwambo umenewu ndi wabwino ndipo wasunga mabanja ambiri. Koma tsono taganizani: galimoto ikuthamanga mopitirira, woyendetsa dzanja lina lili pa foni, kapena mpweya wake ukununkha mowa, mwana wanu ali pamiyendo panu. Mulankhule kapena mukhale chete?

Kwa ife a ku Wusakile nkhaniyi si yakutali. Msewu waukulu wa ku Ndola umadutsa pambali pathu penipeni, ndipo usana ndi usiku mumayenda zimalole zonyamula mkuwa, mafuta ndi katundu wopita ku Kasumbalesa. M'mawa ana ovala yunifomu amawoloka pakati pa mabasi, ena atagwira ang'ono awo padzanja. Tsiku limene kuli mpira ku Nkana Stadium mumadziwa nokha mmene misewu imakhalira madzulo, makamaka timu ikapambana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, ndi kuti pakati pa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 palibe china chimene chimapha ambiri kuposa ngozi za pamsewu. Si malungo, si chifuwa chachikulu, koma msewu. Ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, Africa ndiye imataya ambiri, ngakhale kuti magalimoto athu ndi ochepa.

Chimene chimasiyanitsa mwana ndi ife akulu pa ulendo n'chakuti iye sanasankhe kanthu. Sanasankhe basi, sanasankhe dalaivala, sanasankhe mpando. Inu mukakwera galimoto ya munthu woledzera, mwina tinganene kuti mwadziika nokha pangozi, ndi moyo wanu. Koma khanda lili kumsana silinafunsidwe. Mwana wa giledi 3 angaone kuti amalume ake akuyendetsa moopsa, mtima n'kumagunda, koma ife tomwe tinamuphunzitsa kuti mwana sayankha akulu. Ndiye pakamwa pake ndi inu. Mukakhala chete simunakhale pakati ayi, mwavomera m'malo mwake.

Ndiloleni ndilowetseko masamu pang'ono, poti uphunzitsi suchoka m'magazi. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Bambo akayang'ana pa foni masekondi awiri okha kuti aone amene waimba, galimoto yayenda mamita oposa 30 popanda maso a munthu. Mamita 30 ndi nyumba zingati za muno m'komboni? Chinanso, liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene galimoto imafuna kuti iime mabuleki atapondedwa suwirikiza kawiri koma kanayi. Ndipo galimoto ikagunda chinthu cholimba pa liwiro la 50, thupi la munthu limamenyedwa ngati wagwa kuchokera pamwamba pa mamita 10. Tsono inu amene mumakhala kutsogolo mutafungatira mwana, n'kumati manja anga ndi olimba, ndinasinja chimanga kuyambira ubwana, dziwani kuti palibe mkono wa munthu umene ungagwire mwana pa mphamvu yotero. Amachoka m'manja n'kukamenya galasi. Mukadzimanga lamba mmodzi pamodzi ndi iye, ndiye thupi lanu lomwe limamufinyira pa lambayo. Ngakhale chikwama cha mpweya chija chimene chimafufuma kutsogolo chinapangidwira munthu wamkulu, kwa mwana wamng'ono chimatha kukhala chovulaza. Malo a mwana ndi kumbuyo, atamangidwa.

Ndanena izi kuti muone kuti mawu anu akuti "chepetsani liwiro" si mantha a chizimayi monga ena amanenera. Ali ndi maziko.

Tiyambe ndi m'nyumba, chifukwa ndiko kovuta. Mabanja ambiri tsopano ali ndi kagalimoto kochokera ku Japan kolowera pa Nakonde, ka Corolla kapena ka Spacio, ndipo kwa bambo galimotoyo si chitsulo chabe. Ndi thukuta la zaka zambiri pansi pa mgodi kapena m'kalasi, ndi ulemu wawo pakati pa anzawo. Mukawauza kuti akuyendetsa moipa, amamva ngati mwanena kuti iwo ndi munthu wopanda pake. Pali amayi ena amene akudziwa kuti liwu limodzi lotero lidzabweretsa mkangano wa sabata yathunthu, ndipo pali ena, tisabisane, amene lidzawabweretsera dzanja. Sindingapeputse zimenezi ndipo sindiweruza mayi amene mantha amutseka pakamwa. Vuto la mayi ameneyo ndi lalikulu kuposa la msewu, ndipo ndi la ife tonse m'Chigwirizano ndi akulu a mpingo.

Koma kwa ambirife chotitseka pakamwa si mantha, ndi manyazi. Ndipo apa ndiye ndimati tasokoneza zinthu ziwiri. Ulemu uli m'kalankhulidwe, m'nthawi ndi m'malo olankhulira. Ulemu sunatanthauze kusalankhula. Amayi athu akale ankadziwa kubweza mwamuna pa njira yolakwika popanda mnansi kumva, ndipo luso limenelo ndi limene alangizi amatiphunzitsa. Nkhani ya galimoto si yoyambira pamsewu pamene bambo akupikisana ndi lole, ana akumva. Ndi yokambira kuchipinda usiku wa dzulo lake: "Bambo, mawa tinyamuke m'mawa kuti tisathamange. Foni yanu ndikugwirirani ine. Ku ukwatiko mukamwako, tibwerere pa takisi, galimoto tidzaitenga Lamlungu." Mwamuna amene wavomera zimenezi kuchipinda sachita manyazi pamsewu, chifukwa lamulolo ndi lake lomwe. Ndipo mwamuna wanzeru, mtima ukatsika, amadziwa kuti amene akumukumbutsa za lamba wa mwana akusunga dzina lake. Kodi ndi ulemu wanji kumusiya munthu achite chinthu chimene adzalira nacho moyo wake wonse?

Pali nthawi imene mawu ofatsa atha, bambo kapena alamu aumirira kuyendetsa ali chiledzerere. Pamenepo maganizo anga ndi akuti ana asakwere. Inu mungasankhe nokha za moyo wanu, koma ana atsale. Achibale adzalankhula, apongozi adzati mkaziyu ndi wamwano, ndipo zidzawawa ndithu. Koma mwano umapepeseka.

Mu minibasi nkhani imasintha pang'ono, chifukwa dalaivala si mbale wanu ndipo simudzakumana naye kuchipinda. Tiyeni timuchitirenso chilungamo mnyamata ameneyu. Ambiri a iwo mwini basi amawaikira ndalama yoti abweretse tsiku lililonse, ija amati kashing'i, ndipo chakudya cha ana awo ndi chimene chatsala pamwamba pake. Ndiye chifukwa chake amalimbirana okwera, amaima paliponse, amadzaza anthu kupitirira mipando. Sathamanga chifukwa chodana nafe. Komanso si iwo okha olakwa: ndi kangati ife tomwe tanena kuti "ba driver, tachedwa" basi ikamayenda modekha? Ndi kangati tamuika mwana wa zaka zisanu ndi zitatu pamiyendo kuti tisalipire mpando? Ndalama ndi yovuta, ndikudziwa, ndipo m'minibasi zambiri lamba wakumbuyo mulibe n'komwe. Mpando wapadera wa khanda, umene WHO imati ungachepetse imfa za makanda ndi magawo okwana 71 pa 100 alionse, ambiri a ife sitingaugule, ndipo m'basi simungaumange paliponse. Zimene sitingathe sitidzafunsidwa. Koma pakamwa sipagulidwa.

Chimene ndaona n'chakuti m'basi yothamanga anthu onse amakhala ndi mantha, koma aliyense amadikira mnzake. Wina akayamba, "ba driver, panono panono, muli ana muno," kondakitala amamuyankha mwachipongwe, ndipo ngati ena onse ayang'ana pawindo, mayiyo amasanduka choseketsa. Koma wachiwiri akangowonjezapo liwu, ndi wachitatu, phazi limachoka pa mafuta. Choncho ngakhale mulibe mtima woyamba, khalani wachiwiri. Mayi wovala yunifomu ya Chigwirizano amamveka m'basi kuposa mmene amadziganizira. Anyamatawa ambiri ali ndi amayi awo ovala chimodzimodzi. Zikakanika, tsikani pa siteshoni yotsatira, lembani nambala ya basiyo, mukaipereke kwa apolisi kapena ku RTSA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamsewu la 2002 kuti liziyang'anira zinthu zomwezi. Anthu oposa 50 amene anafa ku Chibombo pa 7 February 2013, basi yochokera ku Ndola itawombana ndi lole, anali anthu ngati ife, onyamuka m'mawa ndi zikwama zawo, ena a kuno ku Copperbelt.

Tsopano ndifike pa mawu amene timanena pamaliro: "Inali nthawi yake." Mawuwa ndi mankhwala kwa mayi amene mwana wake wagona m'bokosi, ndipo pa tsiku limenelo sindingamulande. Timakhulupiriradi kuti palibe chochitika kunja kwa dzanja la Mulungu. Koma mawu omwewo akanenedwa ulendo usanayambe, kuti lamba ngwachiyani, ikakwana yakwana, asanduka chinthu china. Katekisima wa Heidelberg wa 1563, amene tinaphunzira m'kalasi, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chimodzi saimira pa kupha ndi mpeni. Amaletsanso kudziika dala pangozi, ndipo amatilamula kutchinjiriza mnzathu ku choipa monga momwe tingathere. Pa Deuteronomo 22:8 womanga nyumba akuuzidwa kuika kampanda padenga, kuti wina akagwa mlandu wa magazi usakhale pa nyumbayo. Womangayo sanakankhe munthu, anangosiya kumanga kampanda. Pemphero la paulendo timalikonda ndipo tisalisiye, koma kunena Ameni kenaka n'kulola mwana aimirire pakati pa mipando iwiri yakutsogolo, mutu uli pafupi ndi galasi, ndiko kumuyesa Mulungu kumene Ambuye anakana pamwamba pa Kachisi.

Ndipo pano ndifuna tidziyang'ane ife eni ake monga gulu, chifukwa ndi kosavuta kuloza madalaivala. Popita kumanda, popita ku misonkhano, popita kukaimba ku mpingo wina, kawirikawiri timachita hayala Canter yotsegula kumbuyo chifukwa ndiyo yotsika mtengo. Timakwera anthu makumi angapo, ena atakhala m'mphepete, makanda kumsana, ana a Sande Sukulu pakati, nyimbo ili pakamwa. Kumbuyo kwa lole kulibe mpando, kulibe lamba, kulibe denga. Ikangopendekeka onse amakhuthuka ngati chimanga. Mu April 2005 ku Kawambwa, m'chigawo cha Luapula, ana a sekondale oposa 40 anafa tsiku limodzi pamene lole imene inawanyamula popita ku holide inagubuduzika. Amene tinali kale m'kalasi chaka chimenecho sitiiwala mmene tinkayang'anira ana athu sabata yotsatira. Panali akulu ambiri amene anaona anawo akukwera. Sindikuwaimba mlandu, chifukwa chimene anachita ndi chimene tonse timachita: lole ndi imene ilipo, ndalama ya basi palibe, ndipo nthawi zonse timafika bwino.

Pa msonkhano wokonza ulendo, mayi amene angaimirire n'kunena kuti ana asakwere lole amaoneka wovuta, wonyada, wosadziwa umphawi wa anzake. Amayi a mtsogoleri akonza kale, msungichuma wawerenga kale ndalama, ndiye iwe ndiwe yani? Ulemu womwe uja wabweranso, tsopano wavala yunifomu. Koma njira zilipo ngati funsolo lafunsidwa msanga: kuyamba kusonkha miyezi iwiri ulendo usanafike kuti tipeze Rosa, kuchepetsa chiwerengero cha opita, kusiya ana aang'ono ndi amayi awiri otsala, kunyamuka kukali kowala m'malo mobwerera usiku. Ndiponso wina mwa ife apatsidwe ntchito yoyang'ana matayala ndi kulankhula ndi dalaivala tisanakwere, monga momwe timasankhira wotsogolera nyimbo ndi wosunga chakudya.

Za ana oyenda pansi ndinene mwachidule, popeza ambiri a ana athu ngozi imawapeza ali kunja kwa galimoto. Mwana wamng'ono satha kuyeza bwino liwiro la galimoto imene ikubwera, ndipo akaima kuseri kwa minibasi woyendetsa wina samuona konse. Kuno magalimoto amayenda kumanzere, choncho powoloka ayambe kuyang'ana kumanja, kenaka kumanzere, kenaka kumanjanso, ndipo pamene palibe njira ya oyenda pansi ayende mbali yoyang'anizana ndi magalimoto akubwera. Akatsika basi adikire ichoke asanawoloke. Adzaphunzira zimenezi poona mapazi anu, osati pomva mawu anu. Ndipo mukapeza kamwana ka eni kaima kokha m'mbali mwa msewu wa ku Ndola, chikwama kumsana, kakuyang'ana uku ndi uku, musafunse kuti ndi ka yani. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kagwireni dzanja, muwoloke nako, ndipo ngati mukuwadziwa amake, madzulo mukawauze kumene munakapeza, ngakhale nkhope yawo isakondwe.