Dzina Lobwereka: Kodi Hunter Adanama?

M'mwezi wa Marichi 1954, akuluakulu a zamafilimu ku America adalengeza kuti mphoto ya Oscar ya nkhani yopekedwa bwino koposa yapita kwa Ian McLellan Hunter, chifukwa cha filimu yotchedwa Roman Holiday. Koma nkhaniyo sadaipeke ndi Hunter. Adaipeka ndi bwenzi lake, Dalton Trumbo, munthu amene pa nthawiyo dzina lake silinkaloledwa kuoneka pa filimu iliyonse ya ku Hollywood. Hunter adabwereketsa dzina lake, nkhani idagulitsidwa, ndalama zidafika kwa mwini wake weniweni, ndipo ana atatu a Trumbo adadya. Funso limene mkhristu sangalizembe ndi lakuti: kodi pamenepa lamulo lachisanu ndi chitatu lidasweka kapena ayi?

Gwero lake ndi chaka cha 1947. Komiti ina ya Nyumba ya Malamulo ku Washington idaitana anthu opanga mafilimu kuti iwafunse ngati adakhalapo mamembala a chipani cha Chikomyunizimu. Kukhala m'chipanicho sikudali mlandu pa malamulo a dzikolo. Anthu 10, mmodzi mwa iwo Trumbo, adakana kuyankha, ponena kuti boma lilibe mphamvu yofunsa munthu za maganizo ake a ndale. Mu Novembala chaka chomwecho, eni makampani a mafilimu adakumana ku hotela ya Waldorf-Astoria ku New York nagwirizana kuti khumi aja asadzalembedwenso ntchito. Trumbo, amene adali mmodzi mwa alembi olandira malipiro apamwamba kwambiri, adagamulidwa kukhala m'ndende chaka chimodzi ndi kulipira madola 1,000. Adalowa m'ndende ya ku Ashland, m'chigawo cha Kentucky, mu 1950. Atatuluka adasamukira ku Mexico City ndi mkazi wake Cleo ndi ana.

Pasabisike kanthu: Trumbo adalidi membala wa chipanicho kwa zaka zingapo, ndipo Mpingo sudabisepo mawu pa za Chikomyunizimu chokana Mulungu. Papa Pius XI adachitsutsa poyera mu 1937 m'kalata yake ya Divini Redemptoris. Koma kutsutsa chiphunzitso ndi nkhani ina, kulanda bambo khasu kuti banja lake ligone ndi njala ndi nkhani inanso. Mpingo womwewo, kuyambira pa Rerum Novarum ya Papa Leo XIII mu 1891, umaphunzitsa kuti munthu ali ndi ufulu wopeza chakudya ndi ntchito ya manja ake. Ufuluwo sutha chifukwa choti mwini wake akuganiza zolakwika.

Apa ndi pamene Hunter adalowera. Adali mlembi nayenso, wobadwira ku London, ndipo pa masiku amenewo dzina lake lidali lisadadetsedwe. Adatenga nkhani ya mnzake naipereka ngati yake. Akadagwidwa, ntchito yake ikadathera pomwepo. Akuluakulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo sipadapite nthawi yaitali kuti za Hunter nazo zipse: iyenso adaikidwa m'kaundula wa oletsedwa ntchito, mpaka adayamba kulemba mobisa dzina, pamodzi ndi Ring Lardner Jr., masewero a pa wailesi yakanema a Robin Hood amene ankajambulidwa ku Britain.

Mtima umafulumira kunena kuti apa panalibe bodza, padali chikondi chokha. Ena amawonjezera kuti makampani aja analibe ufulu wodziwa zoona, popeza ankafuna kuzigwiritsa ntchito pozunza munthu. Maganizo amenewa ali ndi mbiri yake mu Mpingo, ndipo pali kanthu kakang'ono kamene ambiri sakadziwa. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika atatuluka koyamba mu 1992, ndime 2483 inkafotokoza bodza ngati kusokeretsa munthu amene ali ndi ufulu wodziwa zoona. Pamene buku lotsimikizika la m'Chilatini lidatuluka mu 1997, mawu onena za ufuluwo adachotsedwa pa ndimeyo. Chimene chidatsala ndi chakuti bodza ndi kulankhula kapena kuchita zotsutsana ndi choona n'cholinga chosokeretsa wina. Ndime 2489 imalolabe kukhala chete, chifukwa palibe amene ali wokakamizidwa kuulula zoona kwa munthu wosayenera kuzidziwa. Koma kukhala chete ndi kunena chonama si chinthu chimodzi. Dzina likalembedwa pa filimu limakhala likunena kuti uyu ndiye adapeka. Hunter sadangotseka pakamwa. Adasaina.

Augustine Woyera wa ku Hippo, amene adalemba mabuku awiri athunthu pa nkhani ya bodza, sakadamumasula. Iye ankati palibe bodza lopanda tchimo, ngakhale lopulumutsa moyo. Adapereka chitsanzo cha Firmus, episkopi wa ku Thagaste, amene adabisa munthu wothawa. Atumiki a mfumu atabwera kudzamufuna, episkopiyo adawauza kuti sanganame komanso sangapereke munthuyo, ndipo adalolera kuzunzidwa osaulula. Njira imeneyi ndi yoyera, ndipo n'zochititsa chidwi kuti ndi yomwe Trumbo mwini wake adatsata mu 1947: sadaname pamaso pa komiti, sadatchule mnzake aliyense, adalandira ndende. Vuto ndi lakuti chete wa Firmus adali wokwanira kupulumutsa wothawa uja, pamene chete wa Hunter sakadaika nsima pa tebulo la a Trumbo. Nkhani yopanda dzina palibe kampani ikadaigula.

Thomas Aquinas Woyera amathandizako pano. Iye adagawa mabodza patatu: la nthabwala, lothandiza wina, ndi lovulaza. Onse ndi olakwa, koma salemera mofanana. Pofotokoza za azamba a Chihebri, Sifira ndi Puwa, amene adanamiza Farao kuti ana aamuna asaphedwe (Eksodo 1:15-21), adati Mulungu adawadalitsa chifukwa cha kuopa kwawo Mulungu ndi mtima wawo wabwino, osati chifukwa cha bodzalo. Kuweruza kotereku kumamukwana Hunter bwino lomwe. Chimene adachita chidali ndi chonama mkati mwake, ndipo kuchitchula dzina lina n'kudzinyenga. Koma kulimba mtima kwake ndi kukhulupirika kwake kwa bwenzi zidali zenizeni, ndipo ndi zimene zimalemera kwambiri pa sikelo.

Sikeloyo imapendekeka kwambiri munthu akayang'ana amene adanena zoona m'zaka zomwezo. Mu Epulo 1952, Elia Kazan, katswiri wotsogolera mafilimu ndi masewero, adapita kukomiti ija natchula maina a anzake asanu ndi atatu amene adali nawo m'chipani zaka za m'ma 1930. Sadawanamizire. Ntchito yake idapitirira, ndipo patangopita zaka ziwiri adatulutsa On the Waterfront imene idamupatsa Oscar. Katekisimu yemweyo, pa ndime 2477, amatchula tchimo la kuulula zolakwa za mnzako popanda chifukwa chokwanira kwa anthu amene sankazidziwa. Kazan ankati chifukwa adali nacho, ndipo mtima wake woudziwa ndi Mulungu. Komabe lamulo lachisanu ndi chitatu lidaperekedwa poteteza mnansi, ndipo n'zotheka kulankhula mawu oona okhaokha n'kumupweteka mnansiyo kuposa mmene wonama akadamupwetekera.

Padalinso bodza lina lalikulu limene silitchulidwa kawirikawiri. Opanga mafilimu ena ankagula nkhani za alembi oletsedwawo mwamseri, akudziwa bwino mwini wake, pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi wakale. Masana ankati anthuwa ndi oopsa, usiku ankadya thukuta lawo motchipa. Mu 1957 manyazi adafika poyera pamene Oscar ya nkhani ya The Brave One idapita kwa Robert Rich, dzina limene kumbuyo kwake kudali Trumbo yemweyo, ndipo panalibe mlembi wa dzina limenelo woti aonetsedwe kwa atolankhani.

Wina asatenge nkhaniyi ngati chilolezo. Kubwereketsa dzina n'kofala: wina amalembera mnzake mayeso, wina amatenga ngongole m'dzina la mbale wake amene banki idamukana chifukwa sadabweze yoyamba, wina amafunsira ntchito ndi satifiketi ya mchimwene wake. Onsewa amati akuthandiza. Kusiyana kwake ndi kwakuti pa Roman Holiday katundu adali weniweni. Kampani ya Paramount idalipira nkhani yabwino ndipo idalandira nkhani yabwino. Choletsa chimene adachizemba ndicho chidali chosalungama. Wolembera mnzake mayeso amazemba choletsa cholungama, ndipo mawa wodwala amakumana ndi namwino amene sadaphunzire.

Filimu yeniyeniyo ili ndi kanthu koseketsa pang'ono ukaiyang'ana ndi maso amenewa. Audrey Hepburn ndi mwana wa mfumu amene akubisa dzina lake m'misewu ya ku Rome, Gregory Peck ndi mtolankhani amene akubisa ntchito yake kuti apeze nkhani yogulitsa. Pamapeto pake mtolankhaniyo ali ndi zonse, zithunzi zomwe, koma asankha kusaisindikiza, nataya ndalama zambiri kuti asunge chinsinsi cha munthu amene wamukonda. Munthu wobisika ndiye adalemba zimenezi, ndipo wosunga chinsinsi ndiye adazisainira.

Chotsala ndi ngongole. Ndime 2487 imati cholakwa chilichonse chokhudza choona ndi chilungamo chimafuna kubweza, ngakhale wolakwayo atakhululukidwa. Bodza lothandiza nalo limasiya kanthu kosakhala pamalo pake, ndipo apa kanthuko kadali ulemu. Hunter adasenza mphoto ya ntchito imene mutu wake udachokera kwa wina, ngakhale kuti iyenso adagwirapo ntchito pokonza mawu a filimuyo. Trumbo adamasuka mu 1960 pamene Otto Preminger ndi Kirk Douglas adaika dzina lake poyera pa Exodus ndi Spartacus. Mu 1970, polandira ulemu kuchokera ku bungwe la alembi anzake, adanena kuti poyang'ana m'mbuyo n'kosathandiza kufunafuna ngwazi ndi zigawenga, chifukwa onse adavulazidwa ndi nthawiyo. Mnzake wa m'gulu la khumi lija, Albert Maltz, adakwiya nawo mawuwo: kwa iye wopita kundende ndi wotchula maina sakadaikidwa pa mphasa imodzi. Trumbo adapatsidwa Oscar ya The Brave One mu 1975, namwalira mu 1976 dzina lake lisadabwerere pa Roman Holiday. Hunter adamwalira mu 1991.

Kubweza kudachitika onse awiri ali m'manda. Mu 1993 Cleo adalandira Oscar ya nkhaniyo m'dzina la mwamuna wake, ndipo idali yosulidwa kachiwiri, chifukwa yoyamba ija idatsalabe kubanja la Hunter. Mu Disembala 2011 bungwe la alembi lidalengeza kuti dzina la Trumbo liikidwenso pakati pa olemba mawu a filimuyo, pambali pa la Hunter. Amene adakankha nkhaniyi adali ana a mabwenzi awiriwo, Christopher Trumbo ndi Tim Hunter. Christopher adamwalira mu Januwale chaka chomwecho, chigamulo chisadatuluke, ndipo wotsiriza ntchitoyo adali mwana wa Hunter.