Asiye choko akagwire khasu?

M'mabanja ambiri a kumudzi mumapezeka munthu mmodzi yekha wolandira malipiro a boma, ndipo kawirikawiri amakhala mphunzitsi wa ku pulayimale. Ndalama zake n'zochepa, koma zimabwera mwezi ndi mwezi, mvula igwe kapena isagwe. Munthu wotere akanena kuti akufuna kusiya ntchito kuti akayese zina, nkhaniyo sikhala yake yekha. Amene akutsutsana pano ndi mphunzitsi wa ku Ntcheu, yemwe akufuna kutula pansi ntchito kuti akalime kachewere ndi anyezi wamthirira, ndi malume ake, eni mbumba, amene dimba lomwe iye akulifuna lili m'manja mwawo.

MPHUNZITSI: Malume, sindinabwerere za malipiro, ngakhale nawonso ndi nkhani. Chandiopsa n'chakuti ndinaleka kuphunzira. Makope amene ndinalemba nditangochoka ku koleji ndi omwewo amene ndikuwerengera ana a Sitandade 6 mpaka lero, mapepala ake anachita kufiira. Mwana asanakweze dzanja ndimakhala nditadziwa kale chimene afunse. Ndikaima pabolodi pakamwa pamayankhula, mutu uli kwina. Zaka zoti ndifike 60 zikadali zambiri, ndipo munthu amene ndidzakhale pa tsikulo ndikumuona kale: ndi yemweyu, kungoonjezera imvi. Paja akuluakulu anati pakadafunda padajiwitsa galu.

MALUME: Galu wa m'mwambiwo analibe mbumba, mphwanga. Pofundapo sukugonapo wekha. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi a mayi ako akasowa kuchipatala, amagula ndani? Mwana wa mlongo wako amene akuphunzira unamwino, ya sopo ndi ya basi imachokera kuti? Nyumba imene ukukhala ndi ya sukulu. Tsiku lopereka kalata yako ndi tsiku loyamba kumanga katundu. Iwe ukuti kuzolowera, ine ndikuti denga. Ndipo usaiwale anzako amene anamaliza maphunziro a uphunzitsi n'kukhala pakhomo zaka akudikira kuti boma liwalembe. Chimene iwe ukufuna kutaya, iwo akuchipempherera m'tchalitchi.

MPHUNZITSI: Denga lake likudontha. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, pomwe mu Meyi 2022 inali itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti. Kalata yanga ya malipiro sinasinthe m'mawa mwake, koma thumba la feteleza, mafuta ophikira ndi shuga zinasintha. Pofika pa 10 mwezi uliwonse ndimakhala nditalowa kale ku banki m'khonde, ndipo anzanga ena makadi awo a ku banki amasunga ndi akatapila. Kukhala phee nakonso ndi juga, malume, kungoti munthu amaluza pang'onopang'ono osamva kuwawa. Tikadakhala anthu oopa njira, bwenzi tilibe Legson Kayira, amene ananyamuka wapansi mu 1958 kuchokera kumpoto kwa dziko lino, n'kuyenda mpaka ku Khartoum, kenaka n'kukaphunzira ku Skagit Valley College ku America. Bwenzi tilibe William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene anthu ankamuyesa wamisala akutola zitsulo kudzala, koma anapanga makina amphepo opangira magetsi ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth. Kamuzu amene mumamutama uja, sanachoke ku Kasungu ali mnyamata, wapansi, kulowera ku Rhodesia ndi ku Joni?

MALUME: Wawatchula bwino, tsopano tiwaone mmodzimmodzi, pakuti aphunzitsi mumakonda kuwerenga mutu wa nkhani n'kusiya mathero ake. Kamkwamba sanasiye pofunda. Njala ya 2002 inamuchotsa ku sekondale ya Kachokolo chifukwa makolo ake analibe fizi. Anapita ku laibulale chifukwa kunalibe kwina kopita. Munthu amene alibe kanthu akalumpha, chimene angagwetse palibe. Iwe uli ndi dengu pamutu ndipo muli ufa wa anthu ena. Kayira anafikadi, analemba mabuku, koma sanabwerenso kudzakhazikika kwawo. Anamwalira ku London mu 2012. Kamuzu anakhala kunja zaka zoposa 40. Atatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, ankayankhula kwa anthu ake m'Chingerezi, wina akumasulira. Ine ndinamumvera ndi makutu angawa pa misonkhano yake. Sindikuti anthuwa analakwa. Ndikuti aliyense wa iwo analipira mtengo, ndipo gawo lina la mtengowo analipira ndi otsala kumudzi, amene mabuku satchula maina awo. Komanso amene timawakumbuka ndi amene anafika. Amene anathera m'njira alibe wowalembera buku.

Apa nkhalamba yagunda pamene ambiri olimbikitsa achinyamata amalambalala. Nkhani za anthu olimba mtima zimakambidwa ndi opambana, ndipo zimakoma pa wailesi. Koma nayonso nkhalambayo ili ndi mbiri imene mphwake akuidziwa bwino.

MPHUNZITSI: Nanga inu, malume? Simunakwere ndege ya Wenela kupita kumigodi ya ku Joni muli mnyamata, agogo akulira? Malata a nyumba ino, njinga yoyamba m'mudzi muno, makina osokera amene anaphunzitsa mayi anga mpaka Sitandade 8, zinachokera kuti? Ineyo kukhala mphunzitsi ndi zipatso za ulendo wanu. Lero mukundikaniza chimene munachita inu.

MALUME: Ndikukukaniza chifukwa ndinachita. Ndinalowa pansi pa mgodi, ndinaona anzanga akutuluka ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, amuna a kuno oposa 70 amene ankabwerera kwawo anathera pomwepo, ndipo Kamuzu anatseka ulendo wa kumigodi. Katundu amene anawagulira akazi awo sanafike. Bambo anga, agogo ako, anapita ku Halale ine ndikukwawa, n'kukatchona. Sindikudziwa ngakhale manda awo. Nawonso ankati akukadzitukula. Ine ndinapita ndilibe mkazi, ndilibe mwana, ndilibe ntchito, msonkho ukundidikira. Sikunali kufuna kukula ayi, kunali kusowa.

MPHUNZITSI: Ine sindikupita ku Halale. Ndikupita kudambo, pamene mungandione mutakhala pakhonde pano.

MALUME: Munthu amatchona ali pakhomo pomwe, ngongole ikamumiza. Udziwa mmene msika wa Lizulu umakhalira nthawi imene aliyense wa ku Tsangano wakumba kachewere wake? Mavenda a ku Blantyre ndi Lilongwe amangoima chapatali, podziwa kuti katundu wako sangadikire. Dzuwa likapendeka, mtengo amatchula ndi iwo. Chiwawu chikagwa m'munda sichifunsa ngati unali mphunzitsi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda ku chigawo cha kummwera, chaka chotsatira kunabwera ng'amba mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. M'zaka ziwiri zonsezo mudzi uno unadya chifukwa cha anthu ochepa a pa malipiro, iwe mmodzi wa iwo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

MPHUNZITSI: Ng'amba imene mukunenayo ndiyo yandituma. Tonse m'mudzi muno timadikira mvula imodzi, timabzala mbewu imodzi, timalira tsiku limodzi. Madzi a m'dambo akungopita chaka chonse. Pampu ya sola ndaiwerengera mtengo, ndakhala ndikupita kwa alangizi a zaulimi, ndipo tchuthi chapitachi ndinakagwira ganyu kwa mlimi wa anyezi kuti ndione ndi maso mmene amafesera ndi mmene amasungira kuti agulitse mtengo ukakwera. Ana a sukulu anandiona ndili ndi matope m'miyendo, anandiseka. Sindinachitepo manyazi otero, komanso sindinaphunzirepo zambiri chotero chichokereni ku koleji. Usiku ndinkagona mutu ukugwira ntchito. Mukuti ndikhale kuti mbumba idye. Ine ndikuti malipiro amodzi akudyetsa anthu khumi mwa apo ndi apo, ndipo ndikadzapuma penshoni yake sidzakwana ngakhale ine ndekha. Dimba likayenda, alongo anga adzagwira nawo ntchito, osati kudikira kutha kwa mwezi kuti andiimbire foni.

MALUME: Likayenda.

MPHUNZITSI: Inde, likayenda. Sindingakulonjezeni.

MALUME: Tsono tamva. Ine si mdani wako. Tenga theka la dimbalo, ugule pampu yako, ulembe mnyamata. Ntchito usasiye. M'mawa kusukulu, masana kudimba, Loweruka kumsika. Zikakomera zaka ziwiri, udzabwere tidzakambe za kalata. Aphunzitsi angati amene ali ndi okala, njinga za kabaza, minda ya fodya, koma dzina lawo likadali m'kaundula wa boma?

MPHUNZITSI: Ndikuwadziwa, ndimagwira nawo ntchito, ndipo n'chifukwa chake ndikukana. Mphunzitsi wa okala amalemba ntchito pabolodi n'kuuza mwana wamkulu kuti azilemba maina a olongolola, iye wapita kukaoda katundu. Kachewere safuna munthu wa masana okha. Tsiku lopopera mankhwala likagwa Lachiwiri, ndidzasankha kachewere, ndikudzidziwa. Amene adzalipire ndi ana oposa 100 a m'kalasi mwanga, amene makolo awo sangabwere kudzakhala pamphasa pano kudzawayankhulira monga mukuyankhulira mbumba yanu. Chiyambire 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ana anadzaza mpaka pansi pa mitengo, ndipo chimene mwana wa mphawi ali nacho ndi mphunzitsi amene waima patsogolo pake. Ngati mtima wanga unachoka, chilungamo n'chakuti ndichokenso ine, malo anga atenge mmodzi wa achinyamata aja mukuti akupemphera. Kudya malipiro a ntchito imene sindikuigwira ndi kuba, ngakhale aliyense akutero. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ovumbwawo sadzakhala ine.

Ine wolemba ndikuona kuti apa ndi pamene mphunzitsiyu wayankhula zolemera kuposa zonse za Kayira ndi Kamkwamba. Njira ya malume ndi imene anthu ambiri anzeru angalangize, ndipo ndi yotetezadi banja. Koma chitetezo chakecho chagulidwa ndi nthawi ya ana a eni. Tili ndi chizolowezi choyesa munthu ndi mmene akusamalira abale ake, osafunsa kuti akuwasamala ndi za yani.

MALUME: Mawu amenewo ndawamva, ndipo sindiwatsutsa. Ukadayamba ndi amenewo m'malo mondiwerengera anthu a m'mabuku, bwenzi titafupikitsa. Koma taona chimene wachita. Ana a eni wawaganizira. Iwe mwini wadziganizira, mutu wako, kukula kwako. Akazi ako wawauza?

MPHUNZITSI: Akudziwa kuti ndikuganizira za dimba.

MALUME: Sindinafunse za dimba. Akudziwa kuti nyumba ya sukulu mutulukamo? Akudziwa kuti miyezi inayi yoyamba, kachewere asanakhwime, pakhomo sipadzalowa tambala? Mayi ako akudziwa?

MPHUNZITSI: Ndimafuna ndiyambe ndamva kwa inu.

MALUME: Umafuna ukawauze kuti malume avomera, kuti asowe poyambira kukana. Ndakhala nkhoswe zaka zambiri, njira imeneyo ndimaidziwa. Kulimba mtima kumene ukundiuzaku ndi kwa iwe, koma njala ikabwera idzakhala ya iwo, ndipo sunawafunse. Amuna a kuno timatha kulowa mumgodi, timatha kuwoloka Limpopo usiku, koma kukhala pansi ndi mkazi n'kumuuza kuti mwina tivutika chaka chathunthu chifukwa cha maganizo anga, pamenepo miyendo imanjenjemera. Bambo anga ananyamuka m'bandakucha mayi ali m'tulo. Ngati ukufunadi malo osazolowera, yamba ndi amenewo.

MPHUNZITSI: Akandikaniza chifukwa cha mantha okha? Ndiye kuti moyo wanga wonse udzalamulidwa ndi amene akuopa kwambiri pabanja?

MALUME: Mwina adzakana, mwina adzakudabwitsa. Akazi ako akhala akugulitsa mandasi pa geti ya sukulu zaka zonsezi. Za kupindula ndi kuluza amazidziwa kuposa iwe. Loweruka ndiitanitsa mayi ako ndi alongo ako, pakuti dimbalo ndi lawo, ine ndimangosunga. Ubwere ndi akazi ako. Ubwerenso ndi kope, osati lofiira lija, lina: mtengo wa pampu, wa mbewu, wa feteleza, wa mankhwala, chimene mudzadye kufikira kukolola, ndi chimene udzachite mbewu yoyamba ikapsa. Udzawerenge pamaso pa onse. Oyamba kuyankha adzakhala akazi ako, ine ndidzayankhula pomaliza.

MPHUNZITSI: Akakana?

MALUME: Akakana, Lolemba ukaime pabolodi, ndipo makope akalewo ukawotche, ulembe ena. Palibe anakuletsa kuphunzira uli pa ntchito. Ku Domasi ndi ku Nalikule aphunzitsi anzako akuonjezera maphunziro.

MPHUNZITSI: Nanga akavomera?

MALUME: Akavomera, dimba lonse ndi lako zaka zitatu, kalata ukapereke pakutha pa teremu, osati pakati, ana a eni asasiyidwe m'malere. Koma mankhwala a mlongo wanga azigulidwa feteleza asanagulidwe, ndipo kope limenelo ndizilionanso ine mwezi uliwonse.

MPHUNZITSI: Mwezi uliwonse, malume? Ngakhale a PEA, oyendera sukulu aja, sabwera kawirikawiri chotero.

MALUME: A PEA dimba si lawo.