Mboni Yoona ndi Woweruza Wosokera

Kodi mboni imene sinanamepo chibadwire ingathe kusocheretsa woweruza, kufikira iye atatsutsa wosalakwa ndi kumasula wopalamula? Funso limeneli, lingakhale lioneka loyenera akuluakulu a pabwalo la milandu kapena abusa a mpingo, limayankhidwa tsiku ndi tsiku ndi anthu a manja akuda ndi girizi, amisiri okonza magetsi a galimoto amene amagwira ntchito pansi pa mitengo m'mbali mwa msewu wochokera ku Zalewa kunka ku Mwanza, kumene amatola a ku Luwani ndi ku Lisungwi amatula madandaulo awo wailesi ikaleka kuimba. Pakuti misewu yafumbi ya dera lino, ndi mabampu ake m'chilimwe ndi matope ake m'dzinja, imamasula mabawuti ndi kudyetsa mawaya dzimbiri, ndipo woyendetsa matola angapirire galasi losweka, koma ulendo wopanda nyimbo sauvomera.

Mboni ndikunenayi ndiyo mita, kachipangizo kolowa m'thumba la ovolosi, kokhala ndi zingwe ziwiri, chofiira ndi chakuda, ndi kagalasi koonetsa manambala. Batire lodzala bwino, injini ili chozima, limaonetsa mavolti 12.6, injini ikalira, alternator niyamba kulidzaza, nambala imakwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4, ikapyola 15 ndiye kuti chowongolera mphamvu cha m'kati mwa alternator chafa, ndipo batire lidzawira, mababu nadzapsa. Izi nzodziwika ngakhale kwa mnyamata wongoyamba ntchito, ndipo sitichedwapo, popeza milandu yozunguza mutu ndi ina.

Amafika mwini galimoto nkhope ili ndwii, nati, "Amisiri, batire ndagula latsopano, fyuzi njabwinobwino, mnyamata wanuyu wayeza waya wa ku amplifaya wapeza 12, nanga bwanji ndikangokweza mawu zonse zikuti zii?" Mmisiri wokhwima sakangana naye, koma amati, "Taimani kaye achimwene, timusenzetse katundu wayayu," natenga babu la kutsogolo la mawati 55, nalilumikiza pa waya yemweyo mita ili chilumikizire, ndipo taonani, babu liwala mofooka, nambala ija nigwa kufika pa 9. Chifukwa chake anachilongosola Georg Ohm, mphunzitsi wa ku Germany, m'chaka cha 1827, ndipo n'chakuti mphamvu yotayika pa malo opanikiza imakula molingana ndi kuchuluka kwa magetsi odutsapo. Polumikizira pamene pagwidwa ndi dzimbiri, ngakhale patapanikiza ndi ohm imodzi yokha, pamadya volti imodzi pa ampeya iliyonse yodutsa. Tsono mita, imene imamwa kagawo kamodzi mwa magawo miliyoni a ampeya, imadutsa pamenepo osakhumudwa, nichitira umboni kuti mavolti 12 alipo, ndipo alipodi. Koma amplifaya ikafuna maampeya asanu pa kugunda kwa ng'oma, mavolti asanu amathera pa dzimbiri paja, iyo nitsala ndi 7, nizima. Makolo anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma iwo anali ndi mwayi, pakuti nkhuyu umatha kuing'amba n'kuona. Wayayu ungamuyang'ane tsiku lonse, sadzaulula kanthu kufikira atasenza.

Mlandu wachiwiri ndi wotembenuka. Mnyamata aika chingwe chakuda pa chitsulo cha galimoto, chofiira pa waya wa sipika, napeza mavolti 6 kapena 7 pamene nyimbo sizikuimba n'komwe, nafuula kuti wailesi yapsa, ikutayira magetsi ku masipika. Koma wailesiyo ilibe tchimo, pakuti mawailesi ambiri a m'galimoto a masiku ano anapangidwa kotero kuti mawaya onse awiri a sipika amakhala pa theka la mphamvu ya batire, ndipo sipika imangomva kusiyana kwa awiriwo. Ukayeza wina ndi mnzake upeza palibe kanthu, ndipo wofulumira kukonza chosaonongeka, amene angagunditse waya mmodzi ku chitsulo, ndiye amene adzaiphe wailesiyo. Apa mpamene pagona chinsinsi chonse cha ntchitoyi, chakuti palibe waya wokhala ndi mavolti payekha, koma nambala iliyonse ndi kusiyana kwa malo awiri. Kotero kuti amene waika chingwe chakuda pa bawuti ya penti kapena ya dzimbiri, manambala ake onse adzakhala osokera, angakhale chingwe chofiira achigwire mosamala chotani.

Zolakwa ziwirizi, kuyeza popanda katundu ndi kuyeza utaima pa malo olakwika, ndizo mizati ya buku la Yobu. Woneneza wa m'bukumo, poimirira pamaso pa Mulungu, mlandu wake unali wakuti chilungamo cha Yobu chinayezedwa munthuyo ali pa mtendere, ali ndi nkhosa 7,000 ndi ngamila 3,000 ndi ana khumi, ndi kuti katundu akaikidwa nambala idzagwa. Chimene chimandisautsa ine n'chakuti funso limeneli ndi funso la mmisiri wabwino, ndipo Mulungu sanalikane. Anangoika malire a katunduyo, poyamba kuti thupi la Yobu lisakhudzidwe, pambuyo pake kuti moyo wake usachotsedwe. Abwenzi ake atatu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anagwa m'dzenje linalo. Maso awo sananame: zilonda anaziona, phulusa analiona, maliro a ana anawamva, ndipo anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osanena kanthu, chimene ambiri a ife sitingachithe pa siwa ya mbale wathu weniweni. Koma chingwe chawo chakuda chinali pa chikhulupiriro chakuti tsoka lililonse ndi malipiro a tchimo, ndipo kuchokera pamenepo kuwerenga kwawo konse, kolongosoka ndi kokoma m'makutu, kunawafikitsa pa kutsutsa munthu wosalakwa.

Anthu a ku Luwani safunikira kupita ku dziko la Uzi, kwawo kwa Yobu, kuti akaone zotere. Pa nkhondo ya ku Mozambique ya zaka za 1977 mpaka 1992, imene inatha ndi pangano losainidwa ku Rome, dziko la Malawi linasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi, ndipo Luwani unali umodzi mwa misasa yawo. Msasawo unatsekedwa m'chaka cha 2007, nutsekulidwanso mu 2016, pamene boma ndi bungwe la UNHCR anasamutsirako anthu amene anaunjikana ku Kapise m'boma la Mwanza, pothawa kumenyana kwa asilikali a boma ndi a Renamo m'chigawo cha Tete. Ambiri a iwo anali a chinenero chathu chomwechi, olekanitsidwa nafe ndi malire okha. Tsono lingalirani mkulu amene kwawo anali ndi khola ndi nkhokwe, amene pabwalo mawu ake ankathetsa milandu ya minda ndi ya maukwati, ataima pa mzere ndi khadi lolandirira chakudya, kalaliki wa msinkhu wa mdzukulu wake akumufunsa dzina. Kaundula amene anamulemba kuti ndi wosowa, wopanda munda, wodyetsedwa, sananame ngakhale chilembo chimodzi; ndipo wodutsa pa msewu amene anaona mzerewo nati m'mtima mwake awa ndi anthu ongodikira kupatsidwa, anawerenga nambala yoona ataima pa khonde la nyumba yake yosatenthedwa. Chodabwitsa n'chakuti pa anthu awiriwa, amene anali atayesedwa kale ndi katundu, ndi kupezeka kuti sanaduke, anali wa pa mzereyo, amene anadutsa mapiri usiku atabereka ana. Woweruzayo nambala yake ya 12 inali isanaonepo babu.

Pano fanizo lathu liyamba kutsimphina, ndipo sikoyenera kubisa. Mmisiri akakayika chitsulo cha galimoto, ali ndi pothawira potsiriza, ndipo ndi mutu wa negetivu wa batire, umene amaupala ndi sandipepa mpaka uwale, naikapo chingwe chake, mkangano nuthera pomwepo. Wokhulupirira adzati malo otere kwa ife ndi Mulungu, ndipo ine sinditsutsa. Koma Mulungu sagwirika ndi chingwe, ndipo abwenzi a Yobu onse atatu analankhula m'dzina lake, ali otsimikiza kuti aima pa mutu wa batire weniweniwo. Komanso mmisiri amaloledwa kusenzetsa waya katundu, pakuti babu lake lili ndi muyeso wodziwika, wosafika maampeya asanu, ndipo amalichotsa akangoona chimene amafuna. Koma mwamuna woyesa mkazi wake ndi umphawi wadala, kapena mbusa woyesa nkhosa zake ndi zopereka zopyola mphamvu zawo, sadziwa muyeso wa chimene akusenzetsa, ndipo afanana ndi wogunditsa sipanala pa mitu iwiri ya batire kuti aone ngati muli moto.

Chotsalira kwa ife n'chochepa, ndicho kudekha kumene makolo anati kumaonetsa maso a nkhono, ndi mwambo wa amisiri okalamba oyamba ayeza batire limene akulidziwa bwino asanakhulupirire mita yawo, popeza mamita otchipa, kabatire kawo ka m'kati kakafooka, amayamba kuonetsa manambala okwera kuposa oona, mwini wake nayamba kuneneza alternator yosalakwa. M'buku lija, pamene Mulungu analankhula potsiriza m'kamvulumvulu, sanamuuze Yobu chifukwa cha katundu wake, ngakhale za mkangano wa kumwamba uja; koma oweruza atatu aja ndiwo anauzidwa kuti sananene zoona za Iye, nalamulidwa kutenga ng'ombe zisanu ndi ziwiri ndi nkhosa zamphongo zisanu ndi ziwiri, ndi kupita nazo kwa munthu yemwe anamutsutsa kuti akawapempherere.