Kodi Miyala Itsutsana ndi Malembo Oyera?

Masiku ano ana a sukulu aphunzira kuti nyengo ya dziko lapansi sinakhale yofanana chiyambire. Nkhaniyi idetsa nkhawa makolo ndi akatekisiti ena, pakuti aopa kuti mwana akamva za zaka mamiliyoni adzayamba kukayika buku la Genesisi. Tsono funso ndi ili: kodi mphunzitsi wachikhristu aphunzitse zimenezi, kapena akhale chete?

Poyamba, umboni wa miyala ngwoona. Zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, madzi oundana adakuta chigawo chachikulu cha kumwera kwa Afrika. Atasungunuka, m'madambo mudamera nkhalango zowirira, ndipo zomerazo ndizo zidasanduka malasha onga a ku Mchenga, kufupi ndi Livingstonia. Mu 2005 akatswiri adaboola matope a pansi pa Nyanja ya Malawi, napeza kuti zaka zoposa 100,000 zapitazo chilala chidaphwetsa nyanjayo mamita mazanamazana.

Eklezia saopa umboni wotere. Nicolas Steno, amene mu 1669 adafotokoza kuti miyala ya pansi ndiyo idayamba kuyalidwa, pambuyo pake adakhala episkopi, ndipo Papa Yohane Paulo II adamutcha Wodala mu 1988. Augustino Woyera adaphunzitsa kalekale kuti masiku a m'Genesisi sayenera kuwerengedwa monga masiku a pa kalendala. Genesisi aphunzitsa Mwini chilengedwe. Miyala iwonetsa njira imene chidayendamo. Wolenga miyala ndi Wouzira Malembo ndi mmodzi, ndipo sangadzitsutse. Chifukwa chake mphunzitsi wobisa zoona alakwira mwana kawiri: amumana nzeru lero, ndipo tsiku limene mwanayo adzatulukira yekha, adzataya katekisimu pamodzi ndi chinyengocho.

Koma palinso msampha wina. Ena akamva zimenezi amati: popeza nyengo isintha yokha chiyambire, munthu alibe mlandu pa kutentha kwa makono. Maganizo awa ngopotoka. Kusintha kwakale kudadza ndi kusuntha kwa maiko, kuphulika kwa mapiri ndi kupendekeka kwa dziko pozungulira dzuwa, ndipo kawirikawiri kunkatenga zaka zikwizikwi. Koma kwa lero kwadza ndi kutentha malasha ndi mafuta ndiponso kugwetsa nkhalango. Mpweya wa carbon dioxide, umene udali magawo 280 pa miliyoni mafakitale asanachuluke, tsopano wapitirira 420. Inde, mphezi imatentha tchire, koma wotentha nkhokwe ya mnzake sangakankhire mlandu kwa mphezi. Papa Fransisko, m'kalata yake Laudato Si' ya 2015, adakumbutsa kuti oyamba kusauka nazo ndi amphawi, amene sadapalamule kwenikweni.

Motero udindo wa mphunzitsi uli pawiri. Aphunzitse mbiri ya nyengo mosabisa, kuti mwana azizwe ndi ukulu wa Mulungu, amene nthawi simuchepera. Aphunzitsenso kuti munthu adaikidwa m'munda ngati kapitawo, osati mwini, ndipo kapitawo aliyense adzafunsidwa za munda umene adamusungitsa.