Mlandu wa Garu Wakuba

Garu akagwira nkhuku ya mnansi, mlandu upita kwa mfumu, ndipo wolipa ndiye mwini wace, si garu ai. Pamenepa makolo anaweruza bwino. Koma mwiniyo pobwera ku bwalo atola mtengo, nakwapula garu kufikira atsimphina. Kodi cilango cimeneci ncolungama?

Tiyeni tilingalire, abale. Garu sadziwa kuti ndodo ya madzulo yadza cifukwa ca nkhuku ya m'mawa. Cimene aphunzira ndico kuopa dzanja la mbuye wace, ndipo garu wamantha ndiye aluma ana. Mukampeza pa cisa ca mazira, mumdzudzule pomwepo ndi mau amphamvu. Akabwera poitanidwa, mumpatse kanthu. Ena amuika dzira lotentha m'kamwa. Ine ndiyesa imeneyo nkhanza cabe, pakuti kukweza cisa pamwamba sikubvuta.

Tsono tifunsenso: garuyo anadya liti? Ambiri a ife timponyera mkute pokhapo utatsala, komabe tifuna kuti alonde nkhokwe usiku wonse, napitikitse anyani kumunda. Wanchito amene tammana phoso, tidzamucha wakuba ndi nkhope yotani?

Palinso pena pamene ndodo siithandiza konse. Garu wofatsa akasandulika mwadzidzidzi, nayamba kuluma ciri conse, dobvu liri kukamwa, cimeneco si cipongwe; cingakhale ciwewe. Katemera wa nthendayi anayamba ndi Louis Pasteur m'caka ca 1885. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri, napite ku cipatala tsiku lomwelo. Za mlandu zidzakambidwa pambuyo.