Munda wa Banja, Koma Banja Liti?

Ogulitsa vinyo amakonda kulemba pabotolo kuti vinyoyo ndi wochokera m'munda wa banja. Mawuwa amagulitsa malonda chifukwa amalonjeza kuti pali anthu amene akhala panthaka imodzi kwa zaka zambiri mpaka kuidziwa ngati m'nyumba mwawo. Lonjezo lotere si lachabe. Mpesa umatenga zaka zitatu kapena zinayi usanabereke zipatso zofulira vinyo, ndipo wosamalidwa bwino umakhala zaka makumi angapo. Wobzala mpesa amabzalira ana ake. Funso langa ndi lakuti m'minda ya ku Mashonaland, m'dziko la Zimbabwe, banja lotchulidwa pabotolo ndi lokhalo limene lili ndi mbiri pamundapo?

Ambiri sadziwa n'komwe kuti kumeneko kumalimidwa mphesa. Ulimiwu unakula pambuyo pa 1965, boma la Ian Smith litadzilengeza lodziyimira palokha ndipo mayiko ataliletsa malonda. Vinyo wakunja atasowa, alimi achizungu anayamba kufula wawo. Kufupi ndi Marondera, dera lokwera mamita oposa 1,600 ndiponso lozizira, kunakhazikitsidwa fakitale ya Mukuyu ya kampani ya Cairns. Pakati pa Harare ndi Marondera pali Bushman Rock, esiteti yoyendetsedwa ndi banja, imene dzina lake likuchokera ku zithunzi zimene Akafula akale anajambula pamatanthwe. Nyengo ya kumeneko sikondera mphesa: mvula imagwa nthawi yomwe zipatso zikupsa, ndiye zimaola msanga. Kuti papezeke vinyo womweka pamafunika munthu wodziwa kudulira nthambi, kupatulira masamba kuti mphepo idutse, ndi kuthyola tsiku loyenera.

Pamapulazi a ku Mashonaland, a fodya, a chimanga ndi a zipatso omwe, manja ambiri ogwira ntchito zoterezi anali a anthu ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia. Ena anayenda wapansi, ena anakwera malole aulere amene boma la Southern Rhodesia linakonza m'ma 1930, ena analembedwa ndi Mthandizi. Kwathu tinkawatcha matchona. Anakwatira m'makomboni, anabereka, anaika maliro komweko, anavina gule wamkulu amene Ashona amamutcha zvigure. Mwana anaphunzira ntchito kwa bambo ake, mdzukulu kwa agogo ake. Ngati munda wa banja ndi malo amene banja limodzi lakhalapo mibadwo itatu, ndiye kuti pamapulazi ambiri panali mabanja otero makumi, kungoti limodzi lokha ndilo linali ndi pepala la malo.

Pali banja lachitatu limene sitingalilumphe. Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linapatula pafupifupi theka la dziko kukhala la azungu, ndipo Ashona ambiri anasamutsidwira kumalo osabereka bwino. Nkhani ya Naboti, amene anakana kugulitsa munda wake wa mphesa kwa mfumu Ahabu chifukwa unali cholowa cha makolo, ikuwakhudza iwowa asanakhudze wina aliyense. Amene amalira za mapulazi olandidwa mu 2000 osatchula za 1930 akuyamba nthano pakati.

Koma taonani momwe mlandu unagamulidwira. Malo atagawidwa kuyambira mu 2000, mbadwa zinalandira minda. Alimi achizungu pafupifupi 4,000 anachoka, ndipo mu July 2020 boma linasainirana nawo pangano la chipukuta misozi cha madola 3.5 biliyoni pa nyumba, madamu ndi zina zimene anamanga. Ndalamazo zikuvuta kutuluka, koma ngongoleyo inavomerezedwa. Antchito a m'mapulazi anali oposa 300,000, ndipo amene anapatsidwa malo anali ochepa kwambiri. Ochokera kunja zinawathina koposa: lamulo la unzika la 2001 linachititsa ambiri obadwira mu Zimbabwe momwemo kuwerengedwa alendo mpaka malamulo atsopano a 2013. Ankanyozedwa kuti alibe mutupo, anthu amene ndi a Phiri, a Banda, a Mwale.

Wina adzati wantchito analipidwa, ndipo malipiro amathetsa nkhani. Ndikuona kuti mfundoyi ndi yolimba pa ganyu ya tsiku limodzi, koma imafooka zaka zikachuluka. Malipiro a pamwezi amagula thukuta la mweziwo. Sagula zaka makumi anayi zimene munthu sanamange nyumba kwawo, kapena munda wa ku Ntcheu umene abale anagawana poona kuti sabweranso. Ife Achewa tikuidziwa bwino nkhaniyi, ndipo sitingaloze ena chala momasuka. Mkamwini amalima munda wa kuchikamwini, kubzala mango, kuumba njerwa, koma ukwati ukatha amanyamula bulangete lake yekha. Komabe mkamwini ali ndi kwa mlongo wake kobwerera. Mdzukulu wa mtchona, amene Chichewa chake n'chosakanikirana ndi Chishona ndipo Mwanza sanaiwolokepo, abwerera kuti? Timati mlendo ndi mame, koma mame sakhala pamsipu zaka makumi asanu ndi atatu.

Sindikunena kuti wodulira mpesa akhale mwini esiteti. Umwini uli ndi zake: ngongole za kubanki, zaka za chilala, vinyo wosagulika. Ndikunena kuti kukhalitsa pamalo ukugwira ntchito kumabala ufulu wina umene lamulo silinaupatse dzina: kusathamangitsidwa m'nyumba pulazi ikasintha mwini, kufika pamanda a makolo osapempha chilolezo pageti, ndi kutchulidwa mbiri ya mundawo ikamafotokozedwa kwa alendo olawa vinyo.

Masiku ano vinyo wotchuka wa Mzimbabwe ndi Kumusha, wa Tinashe Nyamudoka, mmodzi mwa anyamata anayi amene anaimira dzikolo pa mpikisano wolawa vinyo ku France mu 2017. Iye anapita ku South Africa kukasaka ntchito, monga anachitira agogo athu popita ku Halale, ndipo mphesa za vinyo wake zimalimidwa ku Cape. Kumusha m'Chishona ndi kumudzi.