Wina Anakana, Wina Anagwa

Pali funso limene anthu anzeru akhala alikulisinkhasinkha kuyambira kale, ndipo ndi ili: munthu amene wapirira m'njira yabwino masiku ambiri, nagwa pa ora lomariza, kodi aweruzidwe ndi kugwa kwaceko, kapena ndi ulendo wonse umene anauyenda? Funsoli laonekera poyera m'nkhani ziwiri za kanema zimene zachuka pa dziko lonse, ndipo kuziika pamodzi kuthandiza kuona cimene ciri m'mtima wa munthu.

Yoyamba ndiyo Star Wars, imene anaiyamba George Lucas wa ku America. Zigawo zace zitatu zoyambirira zinaturuka mu 1977, 1980 ndi 1983. Nkhaniyo icitikira kutali pakati pa nyenyezi, kumene anthu ayenda m'zombo za m'mlengalenga, namenyana ndi malupanga ong'anima ngati mphezi. Mnyamata wa pamunda, Luke Skywalker, alowa nkhondo yolimbana ndi ufumu wankhanza. M'cigawo caciwiri Darth Vader, kazembe woopsa wa ufumuwo, amdula dzanja, namuuza kuti iye ndiye atate wace. M'cigawo cacitatu mfumu yaikuru Palpatine ifuna kuti Luke apse mtima, aphe atate waceyo, nalowe m'malo mwace. Luke apsadi mtima pamene Vader aopseza mlongo wace Leia. Amgwetsa pansi, namdula dzanja nayenso. Koma poona kuti dzanja lodukalo nlacitsulo monga lomwe iye abvala, azindikira kuti alikusanduka cimene adana naco. Pomwepo ataya lupanga lace. Mfumu iyamba kumzunza kuti afe, ndipo Vader, pakumva kulira kwa mwana wace, ainyamula naiponya m'dzenje lakuya, iye mwini nabvulala kufikira imfa.

Yaciwiri ndiyo The Lord of the Rings, buku la J. R. R. Tolkien, mphunzitsi wa pa Oxford ku England, limene linasindikizidwa m'magawo atatu mu 1954 ndi 1955. Peter Jackson wa ku New Zealand analisandutsa kanema wa zigawo zitatu mu 2001, 2002 ndi 2003. Muno mulibe zombo za m'mlengalenga. Muli mapiri, nkhalango, akavalo ndi mphete imodzi. Mphete imeneyo, ya Sauron mbuye wa mdima, ipatsa ulamuliro, koma idya mtima wa woisunga monga nankafumbwe adya cimanga m'nkhokwe. Anzeru monga Gandalf ndi Galadriel aikana ngakhale apatsidwa mwaulere, podziwa kuti angayambe ndi zabwino natsiriza ali ankhanza. Palibe njira yina koma kuiponya m'phiri la moto momwe inasulidwira. Katunduyo asenza Frodo, wa mtundu wa anthu afupiafupi ochedwa Hobbit. Ayenda miyezi isanu ndi umodzi, ndi njala, ludzu ndi mabala, pamodzi ndi bwenzi lace Sam. Koma atafika pakamwa pa motowo akana kuiponya. Aibvala, nanena kuti njace. Amene aiononga ndiye Gollum, colengedwa comvetsa cisoni cimene cinasunga mpheteyo zaka ngati 500: aluma cala ca Frodo, alanda mphete, nagwera nayo m'moto.

Tsono nkhani imodzi itha ndi munthu wokana coipa, inzace ndi munthu wogonja. Ambiri angafulumire kuyamika Luke, ndipo sangalakwe. Nkhani yace iphunzitsa coonadi cacikuru, cakuti munthu si tsamba louluzika ndi mphepo. Ngakhale magazi a atate wace ali mwa iye, ngakhale mkwiyo wamgwira, akhoza kuima nati iai. Pakadapanda ufulu umenewo, sipakadakhala woyenera kuyamikidwa kapena kudzudzulidwa.

Komatu mayesero a awiriwa sali ofanana. A Luke anadza ngati mkuntho, naomba ora limodzi, napita. A Frodo anali ngati mvula yamvumbi yolowa m'khoma pang'onopang'ono kufikira nyumba igwa. Tolkien anasimba kuti wowerenga wina anamlembera mwaukali kuti Frodo anayenera kuphedwa monga wopereka anzace. M'makalata ace a 1956 ndi 1963, iye anafotokoza kuti kuli akatundu opambana mphamvu za wowasenza, ndi kuti Frodo anapereka zonse anali nazo, m'thupi ndi m'mtima, kufikira sipanatsale kanthu. Tolkien anali Mkatolika, woleredwa ndi wansembe Francis Morgan mai wace atamwalira mu 1904, ndipo anati ganizoli ligwirizana ndi zopempha zomariza za m'pemphero la Atate Athu. Pakuti wopempha kuti asalowe m'mayesero abvomera kuti alipo mayesero amene angathe kumthyola.

Pano kanema asiyana pang'ono ndi buku. M'buku Gollum abvina ndi cimwemwe m'mphepete mwa phompho, naterereka yekha, Frodo ali cigwadire. M'kanema Frodo adzuka nalimbana naye, ndipo agwa onse awiri. Frodo agwirira thanthwe, Sam namkoka. Kusinthaku kukometsa cithunzi, pakuti oonera akonda kuona ngwazi iri kucitapo kanthu. Koma kuphimba pang'ono phunziro lowawa la bukulo, lakuti pa ora lomariza cipulumutso cinadza cosacokera m'dzanja la ngwazi.

Wina angatsutse nati: Kodi ciphunzitso cotere sicipatsa waulesi pobisalira? Aliyense wogwa adzangoti katundu anandilemera. Mau amenewa ali ndi mphamvu, koma nkhani yomweyo iwayankha. Gollum, tsiku lomwe anaona mpheteyo, anapha mnzace Déagol kuti aitenge. Sanalimbane nayo ngakhale kamphindi. Frodo anaisenza kufikira anakwawa ndi manja ndi maondo pa phiri. Onse awiri anagonja, koma wonena kuti kugonja kwao nkumodzi sadziwa kuweruza. Wogwa pa khomo la nyumba yace ndi wogwa atayenda ulendo wonse sayesedwa ndi muyeso umodzi.

Ndipo pali cina cimene nkhani ziwirizi zigwirizana, cimene cipambana kusiyana kwace konse. M'zonse ziwiri coipa cinagwetsedwa ndi mdani amene analekedwa wamoyo. Luke akadapha Vader, sipakadakhala womlanditsa kwa mfumu. Bilbo, amene anasunga mpheteyo Frodo asanailandire, anapeza mpata wakupha Gollum, namleka, Frodo anamlekanso, ndi Sam yemwe, amene sanamkonde konse, anabweza lupanga lace pa phiri lija. Akale anati kupatsa nkuika, ndipo cifundo ca atatuwa cinaikidwadi, cinadzapezeka tsiku limene mphamvu zinatha. Komabe iwo sanacite cifundo monga wamalonda woyembekeza phindu, cifukwa sanadziwe za mawa. Ndiponso cifundo sicilonjeza kuti wocimwa adzatembenuka. Vader anatembenuka, Gollum anawapereka kwa kangaude woopsa, nafa ali cigwirire mphete yace. Kumleka kunali koyenera ngakhale anakhala wosayamika, pakuti cifundo ciyang'ana umphawi wa wocilandira, osati malipiro ace.

Cotero yankho la funso lija liri pawiri, ndipo Tolkien mwini analiona motero: munthu ayenera kukhala ndi miyeso iwiri. Podziyesa yekha atenge muyeso wa Luke, asadzikhululukire msanga, pakuti palibe wodziwa malire a mphamvu zace asanazithe. Ambiri onena kuti alephera sanayambe nkuyesa komwe. Koma poyesa mnzace atenge muyeso umene anzace a Frodo anamyesa nao, amene anamlemekeza ngakhale cala cinaduka. Bambo amene anasiya mowa zaka khumi, nagwanso tsiku limodzi pa ukwati, anthu a m'mudzi akumbukira tsikulo naiwala zaka khumizo. Akamseka, abwerera ku mowa ndi manyazi; akamgwira dzanja monga Sam anagwira la Frodo, ulendo wace sunathe. Anthu ambiri atembenuza miyeso imeneyi: wofewa adzisungira okha, wolimba nasungira anzao.